Makadi a mayi Ivy ndi mpando wanga wa ukulu

2003: Wembley

Tadala ndi Chisomo, ana anga, mbali iyi ndikuilemba m'Chichewa ngakhale ndikudziwa kuti mudzaiwerenga chala chili pamzere, kenako n'kudzandiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Palibe kanthu. Za ku Ntcheu ndi za ukalaliki wanga m'sitolo ya zitsulo ku Limbe ndakuuzani kambirimbiri, moti mumazimaliza nokha ine ndisanafike pakati. Apa ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba m'dziko lino.

Amayi anu ndiwo anatsogola, atapeza unamwino kuchipatala. Ine ndinatsatira ndi inu awiri m'nyengo yozizira, nditavala jekete imene ku Limbe inkandichititsa thukuta, koma kuno mphepo inkangodutsamo ngati m'sefa. Ntchito imene ndinapeza inali yolongedza katundu m'mashelefu m'sitolo ina yaikulu ku Wembley. Bwana wanga anali woti akanakhala mwana wanga, ndipo ankangonditchula kuti Wilisoni, popanda ngakhale "a" kutsogolo. Sabata yoyamba ndinkacheuka kufunafuna kamwana kamene kakuitanidwako.

Ulendo wochokera ku Barking, kumene tinkakhala, kukafika ku Wembley unali wautali, wosintha sitima panjira, ndipo m'sitimamo ndi mmene ndinapitirizira sukulu imene ndinaisiyira mu Fomu 2. Tsiku limene ndinamva kuti ku laibulale amabwereketsa mabuku ulere, ndinafunsa kawiri kuti mwina ndamva molakwa. Kuyambira pamenepo ndinkawerenga chilichonse: mbiri ya Aroma, kamangidwe ka milatho, mpaka buku lathunthu la kawetedwe ka njuchi, ine wokhala pa nsanjika yachitatu, wopanda ngakhale duwa pawindo. Amayi anu ankati mutu wanga uli ngati thumba la wopemphetsa, muli zonse koma mulibe chophika.

2006: Woolwich

Sitolo ija itachepetsa antchito, ndinalowa ntchito ya keya, yosamalira okalamba ndi odwala, ngati anzathu ambiri. Amene anandipezera malo anali a sisita Makwinja, namwino wa ku Zomba amene tinkapemphera naye mpingo umodzi. Ankagwira pa nyumba ina yosamalira okalamba kumtunda kwa msika wa Woolwich, ndipo anandiyankhulira kwa manejala ndisanalembe n'komwe pempho. Musadzaiwale zimenezi mukamawerenga zimene zikubwerazi.

Manejala anali a Moira, mayi wamfupi wa ku Ireland amene sindinamuonepo akuyenda, nthawi zonse ankathamanga. Tsiku loyamba anandiyendetsa m'makonde onse, kenako anaima n'kunena kuti, "Wilisoni, aliyense muno anali winawake tisanayambe kumuvula ndi kumusambitsa. Ndi phunziro lokhalo limene ndingakupatseni. Zina mudzaphunzira ndi msana." Zoona, msana unaphunzira. Vuto la nyumba ija silinali chakudya kapena mankhwala, linali anthu. Ntchito ya anthu asanu tinkaigwira atatu. Antchito obwerekedwa ku ejensi ankabwera lero, mawa n'kubwera nkhope ina yosadziwa kuti bambo uyu amatsamwa ndi mkate, mayi uyu amaopa madzi kumutu. Miyezi ina magulovu ankatha, a Moira n'kumakagula okha kusitolo ya mankhwala. Belu la chipinda likalira uli ndi munthu wina m'bafa, unkangopemphera kuti woitanayo asayese kuimirira yekha.

Koma Lamulungu ndinkakhala munthu wina. Mpingo wathu wa Amalawi unkasonkhana masana m'holo ya sukulu ku Barking, ndipo mu 2009 anandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Inu munali aang'ono, mwina simunamvetse kuti chinali chiyani kwa ine. Sabata yonse ndinali wopukuta anthu, woitanidwa ndi belu. Lamulungu ndinkavala suti yakuda, n'kukhala kutsogolo pambali pa abusa, ndipo pa Mgonero ndine ndinkanyamula mbale ya mkate kudutsa m'mizere. Madokotala ndi omaliza maphunziro a ukachenjede ankanditchula kuti "a mkulu". M'dziko lino ndinalibe munda, ndinalibe mudzi, ndinalibe pepala la sukulu. Ndinali ndi mpando uja.

2014: Chipinda choyang'ana kum'mawa

Mayi Ivy anabwera ku nyumba ya okalamba ija kumayambiriro a chaka. Anali atapitirira zaka makumi asanu ndi atatu, mbadwa ya Woolwich momwemo, wosakwatiwapo, ndipo wachibale yekha amene ankawayendera anali mwana wa mchemwali wawo wokhala kutali ndi London. Anali ndi matenda aja onjenjemeretsa manja. Pa utsikana wawo ankasoka m'fakitale ya zovala, kenako kwa zaka zambiri anali ndi kachipinda kuseri kwa msika kumene anthu ankapita kukaoneredwa zam'tsogolo. Pobwera anapempha chinthu chimodzi chokha: chipinda chimene windo lake likuyang'ana kum'mawa.

M'mawa wina ndikulowa ndi tiyi ndinawapeza atakhala pa mpando wawo waufupi, katebulo kali patsogolo. Anali atayala mpango wakuda wa silika. Pangodya ina panali kapu ya madzi, ina mchere pang'ono m'chivindikiro, ina nthenga, ina kandulo. Kanduloyo inali ya batire, chifukwa a Moira sakanalola moto m'chipinda ngakhale atapempha ndi Papa. Pakati panali mulu wa makadi akuluakulu, akale, m'mbali mwake mutachita bii ndi zala. Mayi Ivy anagogoda pamwamba pa muluwo, anaugawa pawiri ndi dzanja lamanzere, n'kutembenuza khadi imodzi. Panali chithunzi cha munthu wopachikidwa mwendo umodzi pamtengo, mutu pansi.

Mawu amene anandibwerera anali amodzi: ula. Ndinakumbuka nyumba ya woombeza kwathu, imene mayi anga ankatilambalalitsa nayo ngakhale njira italike. Ndinaika tiyi pansi n'kuyamba kutuluka chafutambuyo.

"Bwanji mukutuluka ngati mwaona njoka?" anatero mayi Ivy. "Bwerani mumuone nkhope. Akulira?"

Sindinafune, koma ndinayang'ana. Munthu wopachikidwayo sankalira. Nkhope yake inali phee, ngati wagona pamkeka, ndipo kumutu kwake kunali kuwala.

Nkhani inafalikira tsiku lomwelo. Anzathu a ku Ghana, a ku Zimbabwe ndi a ku Nigeria anayamba kusinthanitsana chipinda chija ngati khasu lothyoka. A sisita Makwinja ankalowa, chifukwa mankhwala sangadikire, koma ankayamba aima pakhomo milomo ikugwedera. Ine ndinachita zimene ndimachita ndikaopa chinthu: ndinapita ku laibulale. Mtsikana wa pa kauntala, amene ankandidziwa ngati bambo wa mabuku a milatho, anandiyang'ana kawiri. Mabukuwo ndinawakutira ndi nyuzipepala kuti amayi anu asaone.

Zimene ndinapeza zinandidabwitsa. Makadi aja, amene amawatchula kuti taroti, sanayambe ngati ula. Anayamba kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1400 ngati masewera a anthu olemera, ojambulidwa pamanja ndi kupakidwa golide, ndipo mpaka lero kuli madera amene amangowasewera madzulo ngati mmene ife timachitira bawo. Alipo 78. Ambiri agawidwa m'mitundu inayi: zikho, malupanga, ndodo ndi makobili. Otsalawo, 22, ndiwo akuluakulu, ndipo zithunzi zake munthu wa m'tchalitchi sangalephere kuzizindikira: Papa, mngelo akuliza lipenga akufa akudzuka m'manda, nsanja ikugwa ndi mphezi, Imfa, Mdyerekezi, mayi wonyamula sikelo ya chilungamo. Patadutsa zaka mazana atatu ndi pamene munthu wina wophunzira ku France anawaona n'kulengeza kuti ndi buku lachinsinsi la ansembe a ku Iguputo. Nthawi imeneyo n'kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene ankatha kuwerenga zolemba za Aiguputo, choncho panalibe womutsutsa. Wina anadzalumikiza makadi 22 aja ndi zilembo 22 za Chiheberi. Kenako muno mu London momwe munabadwa kagulu kachinsinsi ka azibambo ndi azimayi ovala mikanjo, amene ankagwiritsa ntchito makadiwo pa miyambo yawo yolowetsera anthu, n'kugawira mtundu uliwonse chake: zikho madzi, ndodo moto, malupanga mpweya, makobili nthaka. Apo ndi pamene ndinamvetsa kapu, kandulo, nthenga ndi mchere za pa mpango uja.

Ndinapita kwa mayi Ivy chifuwa chili patsogolo, ngati mwana amene wakhoza masamu.

"Mayi, mukudziwa kuti makadi anuwa anali a masewera chabe? Za Iguputo zija munthu anangopeka."

"Ndinadziwa musanabadwe," anayankha. "Mtanda wanu uja sunali mtengo wopherapo akuba? Thirani shuga wina m'tiyimo."

Ndinathira shuga. Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kucheza. Anandiuza kuti kuonera anthu anasiya kalekale. "Ankabwera atsikana kufunsa ngati mwamuna abwerere. Khadi sinkafunika pamenepo, nkhope inkanena yokha. Tsogolo langa nalo ndikulidziwa, madokotala anandiuza." Chimene chinatsala chinali mwambo wa m'mawa: khadi imodzi, kuiyang'ana mwakachetechete mpaka tiyi azizire, kenako kuibwezera. Makadiwo anapatsidwa ndi mayi wina amene ankasoka naye, ndipo lamulo lake linali lakuti munthu wina asawakhudze. Chiwalandirireni, palibe dzanja lina limene linawagwirapo.

2015: Manja

Matenda anakula. Supuni inayamba kuwavuta, kenako batani la juzi. M'mawa wina ndinawapeza makadi ali mbwee pansi, ena pansi pa bedi, mayi Ivy atakhala pa mpando akulira mosatulutsa mawu. Makadiwo anali atagwa kuyambira dzulo lake. Wosesa anasesa mowazungulira. Amene anawagoneka ndi amene anawadzutsa anadutsa mowalumpha. Sindikuwaweruza anzangawo, mantha amene anali nawo ndinali nawonso. Koma mayi wokalamba anali atagona usiku wonse chinthu chokhacho chimene anali nacho chili pansi ngati zinyalala. Ndinawerama n'kuyamba kutola.

Nditamaliza anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwawagwira tsopano," anatero. "Ndiye palibenso chobisa. Manja angawa atha. Mungandibwereke anu?"

Ndinati ndikaganize. A Moira anandiuza kuti kwa iwo nkhaniyi sinasiyane ndi kuperekeza Mkatolika ku Misa kapena kutembenuzira bedi la Msilamu kumene amayang'ana popemphera. "Koma sindikakamiza munthu. Ndafunsa onse, akana. Mukakana inunso ndimvetsa, makadiwo tiwaika m'kabati." Ndinadziuza kuti ndi mapepala a masewera a ku Italy, ndawerenga ndekha. Ndinavomera.

Tsono mvetsani mmene zinkachitikira. Mpando wa mayi Ivy unali waufupi, katebulo kafupinso. Ine ndinaleredwa kuti wamkulu akakhala pansi sumuimirira pamutu, ndipo chinthu sumupatsa ndi dzanja limodzi. Sindinaganize n'komwe. Ndinkayala mpango, kuika kapu, mchere, nthenga ndi kandulo mmene andiuzira, kenako ndinkagwada. Iwo ankaika dzanja lawo lonjenjemera pamwamba pa mulu, ine n'kuugawa, n'kutenga khadi imene aloza, n'kuwapatsa ndi manja awiri, mutu utawerama pang'ono. Ndi mmene ndinkaperekera madzi kwa amalume anga. Ndi mmenenso a sisita Makwinja anandipezera m'mawa wina atatsegula chitseko ndi mankhwala m'manja: mkulu wa mpingo atagwada patsogolo pa nsalu yakuda ndi kandulo, akupereka ndi manja awiri khadi ya chigoba cha munthu chitakwera kavalo woyera.

A sisita anapereka mankhwala, anatuluka. Anandidikira m'chipinda chathu chopumira.

"A mkulu, ndiuzeni kuti maso angawa andinamiza."

"Sanakunamizeni, a sisita. Koma mukanandilola kufotokoza mbiri yake ya…"

"Mbiri! Inu ndi mabuku anuwo. Manja amenewa si amene atipatse mkate Lamulungu likubwerali? Ine ndidye kuchokera m'manja amenewa?" Ndinaona kuti si mkwiyo wokha. Ankandiopera. "Ndinakubweretsani ndine pano. Mukatayika, ndikayankha chiyani? Sindikupita mseri, ayi. Kauzeni abusa nokha. Mukapanda kutero pofika Loweruka, ndikanena ndine."

Ndinawauza abusa pa foni tsiku lomwelo, ndipo madzulo ndinawauza amayi anu. Anali akusita yunifolomu. Anaimika simbi, n'kukhala pansi.

"Bambo a Tadala, tinawoloka nyanja kudzaombeza?"

"Sindiombeza, mayi. Ndimangogwira."

"Wogwirira mbuzi miyendo amati sanaphe nawo?"

Anapitiriza motsitsa mawu kuti inu musamve. Anati anthu adzatiloza, anati ana athu adzatchedwa ana a mfiti m'holo ya anthu osakwana zana, kumene aliyense amadziwa chimene mnzake wadya. Anati mpando uja sunali wanga ndekha, nawonso anauvutikira. Zonsezo zinali zoona.

Bwalo la akulu linaitanidwa Lamulungu tikaweruka. Ine ndinakonzeka ngati loya. Ndinali ndi Italy, ndinali ndi France, ndinali ndi mngelo wa lipenga. Lachisanu ndinawauza mayi Ivy, pofuna kuwalimbitsa mtima, kuti asade nkhawa, ndikawauza akuluakuluwo kuti ndi masewera chabe ndipo nkhani ikathera pomwepo.

Mayi Ivy anati, "Ndiye m'mawa monsemu mwakhala mukusewera?"

"Ayi, mayi, ndimati…"

"Wilisoni, ine sindinapite kutchalitchi chimwalirireni mayi anga. Pa mpango uwu ndi pamene ndakhala ndikuikapo mantha anga, ndi akufa anga, ndi kuthokoza kwanga. Sindikudziwa amene amandimva. Mwina ndi yemweyo wanuyo, mwina palibe. Koma si masewera. Mukakanena choncho kuti mupulumuke, kanenani, sindikukwiyirani. Koma Lolemba musadzawagwire. Bola akhale m'kabati."

Ndinatuluka m'chipinda muja mabuku anga onse atandithera ntchito. Loweruka lonse ndinayendayenda m'mbali mwa mtsinje ku Woolwich, osawerenga kanthu, mwina koyamba chifikireni kuno.

Bwalo linakumana m'kalasi ya ana, ife akuluakulu titakhala pa timipando tating'ono, mawondo ali m'chibwano. Panali abusa, munthu wofatsa amene ankagwiranso ntchito ya ulonda pakati pa sabata, panali a Mbewe, mlembi wa mpingo, woyendetsa basi, ndi akulu ena awiri. Atapemphera, abusa anandipatsa mpata. Chizolowezi n'chovuta: ndinayambabe ndi Italy.

"A mkulu," anandidula a Mbewe, "ku Italy basi yanga sifikako. Funso ndi limodzi. Munagwada kapena simunagwade?"

"Ndinagwada."

"Pamaso pa chiyani?"

"Pamaso pa mayi wokalamba. Inu a Mbewe, mungapatse agogo anu chinthu muli chiimire?"

Mmodzi wa akulu aja anaseka pang'ono, n'kudzigwira. Abusa anaona khomo lotulukira m'nkhaniyi ndipo ananditsegulira. "Za kugwadazo tamva, ndi ulemu wa kwathu, palibe angakutsutseni. Ndipo ngati makadiwo ndi masewera monga mwayamba kufotokozamu, nenani choncho, tilembe. Kenako mupemphe akusinthireni chipinda, kuti ofooka asakhumudwe. Nkhani ithere muno."

Anali atandiyalira njira yonse. Ndikanangoti inde, ndikanatuluka ndi mpando wanga.

"Abusa, anayamba ngati masewera, koma kwa mayi aja si masewera. Ndi mwambo wawo, ndipo ine ndimawathandiza kuuchita. Sindiwakhulupirira makadiwo, sindinafunsepo kanthu kwa iwo, ndipo mumtima ndimakhala ndikupemphera kwa Mulungu wathu yemweyu. Koma sindinganame kuti ndi bawo."

"Ndiye musiye," anatero a Mbewe. "Malemba mukuwadziwa kuposa ife. Za oombeza sanazengereze."

"Ndikuwadziwa. Ndikasiya ine palibe wina. Atsala ndi nthawi yochepa, ndipo adzaimaliza akuyang'ana chitseko cha kabati."

Abusa anavula magalasi, anapukuta m'maso. Anandiuza mosakweza mawu kuti mpingo sungakhale ndi mkulu wotumikira pa magome awiri, ndipo pa ichi sindinawatsutse, mpaka lero sindiwatsutsa. Anati ndisankhe. Anati ndikhoza kutenga sabata kuti ndiganize. Ndinati sabata singasinthe manja a mayi Ivy. Ndinatula ukulu pomwepo, ndipo anandiuza kuti pa Mgonero ndiyambe ndaima kufikira nkhaniyi itatha. A Mbewe polemba dzanja linkawalemera. Potuluka anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Achimwene, mwatipweteka."

Lamulungu lotsatira ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Mbale ya mkate inadutsa pamzere wathu, wonyamulayo anandilumpha maso ali pansi. Amayi anu anakhala mbali ya azimayi osacheuka. Kunyumba ankandiphikira, ankandichapira, koma mawu anali a mchere ndi sopo basi.

Kumapeto kwa 2015

Mayi Ivy sindinawauze zimene zinachitika, ndipo sanafunse. Lolemba lija nditayala mpango anangondiyang'ana, n'kuika dzanja pa mulu. Tinapitiriza m'mawa uliwonse umene ndinali pa shifiti. Masiku amene ndinali kopuma, makadi ankakhala m'bokosi. A sisita Makwinja ankandipatsa moni wa ntchito, koma mayi Ivy ankawasamalira ndi mtima wonse, kuwatembenuza, kuwapaka mafuta m'zilonda, ndipo sindinawamvepo akuwanenera mawu oipa.

Maso atayamba kuchita khungu, ntchito yanga inakula. Ndinkatembenuza khadi n'kuwauza chimene ndikuona. Sankafuna dzina la khadi, ankafuna chithunzi. "Pali nkhalamba yaimirira pa phiri, mayi, yavala mkanjo wotuwa, yanyamula nyali." "Nyaliyo yaikweza kapena yaitsitsa?" "Yaikweza." "Chabwino. Khalani chete tsono." Tinkakhala chete, belu la chipinda china likulira, ine mtima uli pawiri.

M'mawa wina kunja kukugwa mvula yowaza, anakana kuti ndigawe mulu. Mawu anali atachepa, ndinachita kuyandikitsa khutu.

"Lero ayi. Muwaike mu dongosolo lake. Muyambe ndi Chitsiru."

Ndinadziwa tanthauzo lake, chifukwa anandiuzapo kuti woonera akamaliza ntchito yake sasiya makadi osakanikirana. Ndinawayala onse pa bedi, chifukwa pa katebulo sakanakwana. Ndinayamba ndi mnyamata uja wa kaphukusi pa ndodo amene akuyenda m'mphepete mwa phompho, kagalu kali pambuyo. Ndinatsatiza akuluakulu onse mpaka wotsiriza, kenako ndodo, zikho, malupanga, makobili. Iliyonse ndinkaitchula, iwo n'kugwedeza mutu. Pena ndinasokoneza ziwiri, ndipo anakweza chala, ine n'kukonza. Nditamaliza ndinakulunga mu mpango, ndinamanga, n'kuwaika pachifuwa. Anaikapo manja onse awiri, ndipo kwa kanthawi manjawo anasiya kunjenjemera.

"Zikomo, Wilisoni. Mwamaliza. Bwererani kwa anthu anu."

Apo ndi pamene ndinadziwa kuti ankadziwa zimene zinandichitikira kumpingo. Anamwalira sabata yomweyo, masana, a sisita Makwinja atawagwira dzanja. Makadi analowa nawo m'bokosi la maliro, monga anamuuzira mwana wa mchemwali wawo.

Mwambo wa maliro unachitikira ku nyumba yotenthera mitembo. Ndinauza amayi anu tsiku ndi malo. Nditalowa ndinapeza mwana wa mchemwali uja, a Moira, ndi bambo mmodzi wokalamba wa kumsika. Mipando ina yonse inali yopanda anthu. Titangokhala, chitseko chinatseguka. Analowa amayi anu atamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, pambuyo pawo a sisita Makwinja ndi azimayi ena awiri a mpingo. Amayi anu anakhala pambali panga, maso ali kutsogolo.

"Musaganize kuti ndabwerera makadi aja," anandinong'oneza. "Ndamva kuti kulibe anthu. Munthu saikidwa ngati mphaka."

Bokosi likulowa kuseri kwa nsalu, azimayi aja anayamba nyimbo ya maliro ya kwathu, motsitsa, osapempha chilolezo kwa aliyense. Mwana wa mchemwali uja, amene sanamve liwu ndi limodzi lomwe, analira mpaka a Moira anamugwira.

2016: Barking

Chaka chitayamba abusa anabwera kunyumba ndi a Mbewe. Anati popeza nkhani ija yatha, ndibwerere ku Mgonero, ndipo ndinabwerera ndi chimwemwe. Anatinso mpando wa ukulu ukundidikira, pakufunika chinthu chimodzi chokha: ndiimirire pamaso pa mpingo ndi kunena kuti "Ine ndinalakwa". A Mbewe anati, "Mawu awiri okha, achimwene. Inu amene mumatha kuyankhula za njuchi mpaka tiyi kuzizira, awiri angakuvuteni?"

Tinaseka tonse. Ndinaufuna mpando uja, ana anga, musaganize kuti sindinaufune. Mwinanso ndinalakwadi. Ndawerenga zambiri chichokereni nthawi ija, ndapemphera koposa, ndipo sindinapeze buku limene landitsimikizira mbali iliyonse. Koma kuti ndinene mawu awiri aja, ndinayenera kukhulupirira kuti zikanakhala bwino mayi uja akanatsiriza masiku ake makadi atatsekeredwa m'kabati, ine ndikudutsa pakhomo pake ndi manja oyera. Ndinayesa kukhulupirira zimenezo, sizinatheke.

Ndinayang'ana amayi anu, poti mpandowo unali wawonso. Anali akuthira tiyi m'makapu a alendo. Sanakweze mutu.

"Abusa, musawavutitse," anatero. "Bambo awa sanama bwino. Akaimirira kutsogolo kuja, mpingo wonse udzaona."

Anasankha wina. Ndinagwira ntchito ku Woolwich mpaka pamene ndinapuma, ndipo kutchalitchi ndikukhalabe kumbuyo kuja, pafupi ndi chitseko. Obwera mochedwa ndine ndimawasunthira.